Nyale Yacikasu ya pa Galimoto Yathu

Ife a ku Chifunde timakhala kutali ndi mzinda. Cimanga, fodya, nyemba ndi mtedza timalima tokha, koma kuti zifike pa msika pamafunika galimoto. Munthu wodwala kwambiri sangapite ku cipatala pa njinga. Mai woyembekezera, nthawi yace ikakwana usiku, sangayende pansi. Cifukwa ca ici galimoto imodzi ya pa mudzi imagwira nchito ya anthu ambiri. Mwini wace angakhale mmodzi, koma okwerapo ndi mudzi wonse.

Ine ndi alamu anga tiri ndi galimoto yotere. Tinasonkha ndalama za fodya za zaka zitatu kuti tiigule. Ndi yaing'ono, yonyamula katundu kumbuyo, imene ena amati pikapu. Inapangidwa ku Japan m'caka ca 2001, ndipo inadza m'dziko muno pa sitima ya pamadzi itagwira kale nchito kumeneko. Ku Japan magalimoto amayenda kumanzere kwa mseu monga kuno kwathu, ndipo ciongolero ciri ku dzanja lamanja. N'cifukwa cace magalimoto ambiri akale a m'miseu yathu ndi ocokera kumeneko. Pamene inafika kwa ife inali itapita kale m'manja mwa anthu ena.

Lero ndikuuzani za nchito imodzi imene tinagwira pa galimoto imeneyi. Tinacotsa mawaya akale a mabuleki ndi kuikapo ena. Musati nkhaniyi ndi ya amakaniko okha. Ali yense amene amakwera galimoto, kapena kukwezapo mwana wace, ayenera kuimva.

Nyale imene inakana kuzima

Kucokera pa mudzi pathu kukafika pa mseu wa tala pali njira ya dothi. Mvula ikalimba, mu Januwale ndi Febuluwale, njirayo imasanduka matope ndipo mitsinje imadzala. Masiku amenewo galimoto imangokhala pabwalo. Caka cimene ndikunenaci inakhala milungu 7 osayenda.

Mvula itacepa, alamu anga analiza injini. Inalira bwino. Koma pa bolodi la kutsogolo kwa dalaivala, pamene pali wochi ya liwiro, nyale ina yacikasu inakhalabe yoyaka. M'kati mwa nyaleyo munali zilembo zitatu: A, B ndi S.

Nyale imeneyi iri ndi mwambo wace. Mukatembenuza kiyi imayaka pamodzi ndi zinzace. Pakapita masekondi ocepa imazima. Kuyaka ndi kuzima kumeneko ndiko kunena kuti, "Ndadziyesa, ndiri bwino." Ikakana kuzima, kapena ikayaka galimoto iri pa ulendo, ndiye kuti pena pace pabvuta.

Nyale za mabuleki ziripo ziwiri, ndipo tiyenera kuzisiyanitsa. Yofiira imanena za mabuleki eni-eni: kuti mafuta a mabuleki acepa, kapena kuti buleki ya pamanja sinamasulidwe. Nyale yofiira ikakhalabe yoyaka mutamasula buleki ya pamanja, imani pomwepo, musapitirire. Yacikasu imanena za ABS. Iyo ikayaka yokha, mabuleki akugwirabe, koma mthandizi wao wagona. Galimoto imayenda ndi kuima ndithu. Msampha uli pamenepo, pakuti munthu amati, "Ikuyenda, nanga cabvuta n'ciani?"

ABS n'ciani?

Amene anakwerapo njinga akudziwa ici. Mukamatsika citunda ndi kufinya buleki mwamphamvu pa mcenga, gudumu limaleka kuzungulira. Koma njinga siima. Imangoterereka, ndipo ngakhale muyese kuikhotetsa, imapita kumene ifuna. Galimoto nayo imatero. Gudumu limene laleka kuzungulira silimvera ciongolero.

ABS ndi zilembo zoyamba za mau acizungu otanthauza kuti mabuleki asamange gudumu kotheratu. Nzeru imeneyi inayamba pa ndege, zimene zimatera ndi liwiro lalikulu. M'zaka za m'ma 1950 ndege zina zinali nayo kale. Pa magalimoto, makampani a Bosch ndi Mercedes-Benz a ku Germany anatulutsa ABS yoyendera magetsi m'caka ca 1978. Poyamba inali ya magalimoto a anthu olemera okha. Pang'ono-pang'ono inafala, ndipo kuyambira 2004 magalimoto ang'ono atsopano ogulitsidwa m'maiko a European Union amakhala nayo.

Pa galimoto yathu imagwira nchito motere. Pa gudumu liri lonse pali mkombero wacitsulo wa mano ambiri, umene umazungulira pamodzi ndi gudumulo. Pafupi ndi manowo pali kacipangizo kakang'ono ngati cala, kamene amakaniko amati sensa. Sensa imawerenga mano akamadutsa, nitumiza uthenga pa waya ku kabokosi ka kompyuta. Kompyuta imayerekeza magudumu onse anai. Ikaona kuti limodzi lafuna kuima pamene anzace akuzungulirabe, imacepetsa mphamvu ya mafuta a mabuleki pa gudumu lokhalo. Likayambanso kuzungulira, pampu imabwezera mphamvuyo. Imamasula ndi kugwira, kumasula ndi kugwira, nthawi zoposa 10 pa sekondi imodzi.

Tsono uthenga wonsewu umayenda pa mawaya. Mawayawo amamangidwa pamodzi ndi kukulungidwa ngati mtolo wa bango. Ife timati mtolo wa mawaya, pa Cipwitikizi amati cablagem. Sensa ingakhale yabwino, kompyuta ingakhale yabwino, koma waya mmodzi akaduka, kompyuta imakhala ngati mfumu imene mboni yace imodzi sinafike pa bwalo. Singaweruze mlandu isanamve onse. Imaleka nchito, niyatsa nyale yacikasu kuti dalaivala adziwe.

Anthu atatu, maganizo atatu

Woyamba kutipatsa nzeru anali mnyamata wina womata matayala m'mbali mwa mseu. Iye anati, "Acimwene, zimenezo n'zacabe. Ndipatseni ya sopo, ndicotse babu ya nyaleyo. Simudzaionanso." Ambiri amacita zimenezi, ndipo ena amangomata tepi yakuda pa nyalepo. Alamu anga anaseka, nati, "Mwana akamalira ndi malungo, kodi mankhwala ace ndi kumtseka pakamwa?"

Waciwiri anali amalume. Iwo anayendetsa malole m'zaka za m'ma 1970, ndipo mau ao sitiwataya. Anati, "Ana inu, ife tinkayenda ndi lole yodzala thonje popanda zilembo zanuzo. Pa mseu woterera tinkaponda buleki ndi kusiya, kuponda ndi kusiya, mpaka lole itaima. Mabuleki ndi phazi la dalaivala."

Amalume ananena zoona. Zimene iwo ankacita ndi phazi ndi zomwezo zimene ABS imacita. Koma phazi la munthu silingafulumire ngati makina, ndipo limagwira magudumu onse pamodzi. Ndiponso munthu akadzidzimuka amaiwala luso lace, amangoponda ndi mphamvu zonse. Mseu wa lero nao si wa masiku a amalume. Mseu wa N9, wocokera ku Tete kudzera ku Manje mpaka ku malire a Cassacatiza, umadzala ndi malole akulu-akulu. Amanyamula katundu pakati pa doko la Beira ndi dziko la Zambia, kudzera pa Chanida ndi Katete. M'mbali mwa mseuwo muli ana a sukulu, njinga, njinga zamoto, mbuzi ndi ng'ombe. Pa mseu wotere kuima kokha sikukwanira. Nthawi zina dalaivala ayenera kuima uku akukhota.

Wacitatu anali mlongo wanga, mkazi wa alamu angawo. Ndiye amene amalemba ndalama za galimoto m'kabuku. Tinamuuza kuti ndalama zokonzera zidzacokera pa zimene tinasungira feteleza. Anakhala cete kwa kanthawi. Kenaka anati, "Acimwene, feteleza akacepa tidzakolola zocepa, koma tidzakolola. Kumbuyo kwa galimotoyo kumakhala ana a eni. Mukawagwetsa mudzawauza ciani amai ao? Mudzati nyale inanena koma ife tinaimata tepi?" Nkhani inathera pomwepo.

Kufuna pamene pali nthenda

Safunsa anadya phula. Tinapita ndi galimoto, pang'ono-pang'ono ndiponso yopanda anthu, kwa mmisiri wina wa magetsi a galimoto amene anaphunzira nchito ku Tete. Iye sanathamangire kutiuza zogula. Anati, "Bambo, nyale imati pabvuta, koma sinena kuti pabvuta pati. Tiyambe ndi zochipa."

Anayamba ndi fyuzi ya ABS. Inali yabwino. Anayesa batire, cifukwa batire yofooka nayo imayatsa nyale imeneyi. Mita inaonetsa 12 volts ndi pang'ono, monga mwa lamulo lace. Kenaka anakweza galimoto, nacotsa magudumu limodzi-limodzi. Anapukuta masensa, amene anali ndi matope ndi fumbi la citsulo lomatirira, pakuti m'kati mwa sensa muli maginito. Anayang'ana mikombero ngati wina wathyoka mano. Ndipo anayesa sensa iri yonse payokha ndi mita yace. Ya kumanzere ndi ya kumanja zinaonetsa manambala ofanana, kutsogolo ndi kumbuyo komwe. Masensa anali amoyo.

Pamenepo anacotsa pulagi yaikulu ya pa kompyuta, nayesanso kucokera kumeneko. Magudumu awiri anayankha. Lacitatu silinayankhe konse. Lacinai linkayankha ndi kuleka pamene iye ankagwedeza mawaya ndi dzanja. Anati, "Mwaona? Olankhula alipo, womvera alipo. Njira ndiyo yaduka."

Anatsata mtolowo ndi tochi, natisonyeza zinthu zitatu. Coyamba, pakona ina pafupi ndi injini panali cisa ca makoswe, ca makoko a cimanga ndi nsanza. Mano a kutsogolo a khoswe amakula moyo wace wonse, motero amatafuna ciri conse cimene wapeza. Makoswewo anali atadya mawaya awiri mpaka pa mkuwa. Caciwiri, pansi pa galimoto panali malo pamene munthu wina kale analumikiza mawaya pongowapota ndi zala ndi kukulunga tepi. Madzi a m'mitsinje analowa pamenepo, ndipo mkuwa unacita dzimbiri lobiriwira. Cacitatu, pafupi ndi paipi ya utsi khungu la mawaya linali litauma ndi kutentha. Polikhudza linkangosweka ngati tsamba la fodya louma.

Ndinafunsa ngati sitingalumikize poduka pokhapo. Mmisiriyo anati waya woduka malo amodzi amalumikizika bwino, ngati aocherera ndi mtobvu ndi kubveka kapaipi kotseka madzi. "Koma mtolo uwu wafa malo ambiri," anatero. "Magetsi a sensa ndi ocepa kwambiri, sangayatse ngakhale babu ya tochi. Polumikiza poipa pali ponse pamasokoneza uthenga. Tikasoka apa lero, mwezi wa mawa pang'ambika apo. Mudzatha ndalama pa zigamba."

Ulendo wa ku Tete

Mtolo wa mawaya sagula ndi maso okha. Magalimoto awiri angafanane kunja koma mawaya ao ali osiyana, malinga ndi caka cimene anapangidwa, mtundu wa injini, ndi mbali imene kuli ciongolero. Mmisiri anandisonyeza nambala yosindikizidwa pa kacitsulo ka pansi pa boneti, imene amati nambala ya chasisi. Ndinaikopera pa pepala, cilembo ndi cilembo, ndipo alamu anga anawerenganso kuti aone ngati zafanana. Pamenepa pamafunika kupenyetsetsa, pakuti 0 si O, ndipo 8 si B. Tinajambulanso mapulagi onse ndi foni, ndi kuwerenga timano ta m'kati mwa pulagi iri yonse.

Ndinakwera chapa mbandakuca. Ndinaoloka Zambezi pa mlatho wa Samora Machel ndi kulowa mu mzinda wa Tete dzuwa liri paliwombo. M'masitolo a zitsulo zatsopano mtolowo munalibe. Anati akhoza kuuitanitsa kunja, koma ndidikire milungu yambiri, ndipo mtengo wace unaposa mphamvu zathu. Motero ndinapita kwa ogulitsa zitsulo za magalimoto ophwasulidwa.

Kumeneko sagula mothamanga. Wogulitsa woyamba anandionetsa mtolo umene anaucotsa podula ndi mpeni. Ndinaukana, cifukwa mapulagi ena anatsala pa galimoto yakufayo. Waciwiri anali ndi wamphumphu, koma pulagi yace yaikulu inali yosiyana ndi ya pa cithunzi canga. Kwa wacitatu ndinapeza galimoto ya mtundu wathu ndi caka cathu, imene inafa injini. Ndinapempha kuti acotse mtolowo ine ndikuona, pomasula, osati podula. Ndinaupinda m'malo ambiri kuti ndione ngati khungu likusweka. Ndinasuzumira m'mapulagi kufuna dzimbiri lobiriwira lija. Tinapangana kuti ukapanda kugwira nchito ndidzaubweza, ndipo anandilembera panganolo pa lisiti. Ndalama zimene ndinalipira zikadagula thumba ndi theka la feteleza.

Tsiku la nchito

Tinayamba m'mawa, pa malo olimba ndi opanda citunda, pansi pa mtengo wa mango. Mmisiri anatsogolera, ife tinali omthandiza. Ndilemba zimene tinacita monga zinatsatana.

1. Tinacotsa kiyi ndi kumasula waya wa batire wa mbali ya cizindikiro ca kucotsera. Tinadikira mphindi zingapo tisanakhudze kanthu. Mmisiri anatiletsa kukhudza mawaya ndi mapulagi acikasu, cifukwa ndi a thumba la mpweya limene limafufuma pa ngozi kuti liteteze dalaivala.

2. Tinachinga magudumu ndi miyala. Tinakweza galimoto ndi jeki ndi kuikhazika pa zipika zolimba za mtengo. Munthu asalowe pansi pa galimoto yokhala pa jeki yokha. Njerwa nazo si zokhulupirika, zimasweka.

3. Tisanacotse waya ali yense tinamata kapepala pa pulagi yace: kutsogolo kumanzere, kutsogolo kumanja, kumbuyo kumanzere, kumbuyo kumanja. Ici n'cofunika kwambiri. Mukasinthanitsa kumanzere ndi kumanja, kompyuta idzamasula gudumu losalakwa ndi kusiya lolakwa liri comangika. Zikatero n'zoipa kuposa kukhala opanda ABS.

4. Tinacotsa mtolo wakale pang'ono-pang'ono, pogwira pulagi, osati pokoka waya. Tinauyala pa mphasa pambali pa watsopano. Tinayerekeza kutalika kwa nthambi zace ndi mitundu ya mawaya, ndipo tinalemba mapepala omwe aja pa watsopanoyo. Mmisiri anayesa waya ali yense ndi mita, kucokera ku mutu kukafika ku mapeto.

5. Tinapititsa mtolo watsopano m'njira imene opanga galimoto anakonza, kutali ndi paipi ya utsi ndi zitsulo zakuthwa. Pamene mawaya amadutsa pa ciboo ca citsulo tinabwezera kamphira kace. Tinamangirira mtolowo m'malo ace onse kuti usalendewere ndi kukodwa m'zitsa.

6. Pafupi ndi magudumu tinasiya waya womasuka pang'ono, pakuti gudumu limakwera, limatsika ndiponso limakhota. Alamu anga anatembenuza ciongolero mpaka kumapeto, uku ndi uku, ife tikuyang'ana. Waya sanakokeke ndipo sanakhudze thayala.

7. Pali waya wina amene amamangidwa pa citsulo ca galimoto kuti magetsi abwerere ku batire. Tinapala malowo mpaka citsulo cinawala, ndi kumanga zolimba. Pulagi iri yonse tinaikankha mpaka inalira kuti "tha". Batire tinalumikiza pomalizira.

Mapaipi a mafuta a mabuleki sitinawakhudze. Nchito ya mawaya sifuna kuwamasula, ndipo mukawamasula mumalowa mpweya, mabuleki nafewa. Tinamaliza dzuwa litapendeka. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kuyesa

Alamu anga anatembenuza kiyi. Nyale yacikasu inayaka. Tinawerenga pamodzi: imodzi, ziwiri, zitatu. Inazima. Pa magalimoto ena nyaleyi sizima mpaka mutayenda pang'ono, kapena mpaka mmisiri atafufuta colakwa cakale ndi makina ace. Koma kuzima kwa nyale si mapeto a nchito. Mabuleki amayesedwa pa mseu.

Tinapita pa njira yoongoka ya dothi pamene panalibe anthu ndi ziweto. Amalume anapita nafe. Wochi itafika pa 40, alamu anga anaponda buleki mwamphamvu. Copondera cinanjenjemera pansi pa phazi lao, ndipo kutsogolo kunamveka phokoso la "gu-gu-gu". Iwo anadzidzimuka nacotsa phazi. Mmisiri anati, "Iai bambo, musacotse. Kunjenjemera kumeneko ndiyo nchito imene mwalipira. Pondani mwamphamvu, musasiye, ndipo ongolani galimoto kumene mufuna kupita." Anayesanso. Galimoto inaima yosapotoka, ndipo m'dothi munalibe mizere yaitali ya matayala okhwekhwereka. Amalume nao anayesa. Atatsika anapukusa mutu, nati, "Kanthu aka kali ndi phazi lofulumira kuposa langa."

Koma ndikuuzeninso mbali ina, kuti musanyengedwe. ABS si mankhwala a ngozi zonse. Pa mcenga ndi pa miyala ing'ono-ing'ono galimoto ya ABS ikhoza kukaima patali kuposa yopanda ABS, cifukwa gudumu lomangika limakumba ndi kuunjika dothi patsogolo pace. Cimene ABS imakupatsani ndi mphamvu ya kuongola pamene mukuponda buleki. Motero pa njira zathu za dothi liwiro liyenera kucepa ndithu. ABS siciritsa matayala osalala. Sipeputsa katundu wopitirira muyeso. Ndipo sithandiza dalaivala amene wamwa kacasu.

Mu Disembala wa caka comweco tinali pa mseu wa tala mvula ikugwa. Kumbuyo kunali amai asanu ndi katundu wao wa ku msika. Ng'ombe ziwiri zinaturuka m'chire ndi kulowa mu mseu. Ndinaponda buleki ndi mphamvu zonse, copondera cinanjenjemera, ndipo ndinakhota kupita kumene kunalibe ng'ombe. Galimoto inamvera. Amai aja anangokalipira mnyamata woweta ng'ombe, ndipo tinapitirira ulendo wathu.

Zimene timacita tsopano

Kuyambira pamenepo tinapangana malamulo ocepa a pakhomo. Galimoto timaiimika kutali ndi nkhokwe, pa malo olambula bwino. M'kati mwace sitisiya cimanga kapena mtedza usiku. M'nyengo ya mvula timatsegula boneti kawiri pa mlungu, timaliza injini, ndipo timachera misampha ya makoswe. Tikaoloka mtsinje kapena kuyenda m'matope, timatsuka kumbuyo kwa magudumu ndi kuona ngati mawaya ali m'malo mwace. Nchito zimenezi sizifuna ndalama. Zimafuna maso ndi khama.

Inu amene mufuna kugula galimoto yakale, citani ici. Tembenuzani kiyi injini isanalire, ndipo penyani nyale zonse. Ngati galimotoyo iri ndi ABS, nyale ya zilembo zitatu zija iyenera kuyaka, kenaka izime. Ikapanda kuyaka konse, funsani cifukwa cace, pakuti kapena wina anacotsa babu kuti abise nthenda.

Ndipo inu amene mumangokwera, muli ndi mau anu. Mukakhala kutsogolo ndi kuona nyale yoyaka ulendo wonse, kapena tepi yakuda pa bolodi, funsani dalaivala mwaulemu. Kufunsa si cipongwe. Mwalipira ndalama zanu, ndipo kunyumba akukudikirani.

Mafunso okambirana

1. Kodi nyale yofiira ndi nyale yacikasu za mabuleki zimasiyana bwanji?

2. N'cifukwa ninji gudumu limene laleka kuzungulira liri loopsa?

3. Chulani zinthu zitatu zimene zinaononga mawaya a galimoto ya m'nkhaniyi.

4. N'cifukwa ninji anamata mapepala pa mapulagi asanawacotse?

5. Banja ili linasankha pakati pa feteleza ndi kukonza galimoto. Mukadakhala inu mukadasankha ciani? Kambiranani ndi anzanu.